Musasaine fomu ya opaleshoni musanamve chomwe akukachotsa

Mayi wina wa zaka 34 wandilembera kuti amupeza ndi zotupa m'chiberekero ndipo amupatsa tsiku la opaleshoni. Sanafunse kanthu poopa kuoneka wamwano. Funso lake: kodi wodwala ali ndi mawu pa nkhani ngati iyi?

Muli nawo, mayi, ndipo mantha amenewa ndi omwe amandiwawa.

Mawu oti "opaleshoni ya zotupa" amaphimba maopaleshoni awiri osiyana kwambiri. Ina amachotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero. Mutha kudzakhalanso ndi pakati, koma magazi amatayika ambiri, zotupa zimatha kumeranso, ndipo magazi akakana kusiya adokotala amakakamizika kuchotsa chiberekero muli chigonere. Ina amachotsa chiberekero chonse, kusamba ndi kubereka n'kuthera pomwepo. Akachotsanso timatumba ta mazira, thupi limayamba zizindikiro za mayi wosiya kusamba nthawi isanakwane. Sikani imawauza adokotala kukula kwa zotupa ndi pomwe zakhala. Siiwauza ngati mukufunabe mwana, kapena ngati chokusautsani ndi ululu kapena kutaya magazi. Zimenezo mukudziwa ndi inu nokha.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi choti fomu isainidwe ndi bambo a kunyumba kapena gadiyani pamene wodwala ndi wamkulu ndipo ali bwinobwino m'maganizo. Abale amve nawo, alangize, koma dzanja losaina likhale lanu. Ku Britain khoti lalikulu linagamula mu 2015, pa mlandu wa mayi wina dzina lake Montgomery, kuti dokotala azifotokoza zoopsa zomwe wodwalayo angazione kuti n'zofunika, osati zomwe dokotalayo wasankha kunena.

Nanunso musabise kanthu. Zitsamba, aspirin, ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, zonse nenani kwa wopereka mankhwala ogonetsa, poti aspirin amachedwetsa magazi kuundana. Akati musadye kwa maola 6, mverani: chakudya chikabwerera muli mtulo chimatha kulowa m'mapapo.

Zoti mufunse

Bwererani ndi buku lanu la kuchipatala tsikulo lisanafike. Muchotsa chiyani kwenikweni? Pali njira ina, monga mankhwala ochepetsa kutaya magazi? Ndikadikira chingachitike n'chiyani? Magazi anga ndi okwanira, nanga ondiika alipo? Mundibaya pamsana kapena mundigoneka? Pemphani kuti mayankho alembedwe m'bukumo.