Mafunso a Owerenga: Ku Polar Museum Tiyambire Pati?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Luton ndi ana anga awiri, ndipo wamkuluyo wapatsidwa ntchito kusukulu yolemba za Captain Scott. Aphunzitsi ake akuti tipite ku Polar Museum ya ku Cambridge. Kodi n'koyenera kutayirapo ndalama ya ulendo, nanga tikafika tiyambire pati? Mayi wa ana awiri, Luton.

YANKHO: Mayi, pitani ndithu, chifukwa kulowa n'kwaulere, koma muyambe mwaona pa intaneti masiku amene amatsegula. Nyumbayi ili pa Lensfield Road, ndipo ndi gawo la Scott Polar Research Institute, yomwe inakhazikitsidwa mu 1920 pokumbukira Robert Falcon Scott ndi anzake anayi amene anafera m'njira pobwerera kuchokera ku South Pole mu 1912. Malowo ndi aang'ono, moti maola awiri akukwanirani.

Ngakhale ntchito ya mwana wanu ndi ya Scott, ine ndikulangizani kuti muyambire ku katundu wa anthu a ku Arctic, dera lozizira la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, makamaka a mtundu wa Inuit. Alendo ambiri amangodutsapo pothamangira mayina otchuka, pamene chinsinsi cha nkhani ya Scott chagona pomwepo. Muonetseni mwanayo zovala zachikopa ndi zotchingira maso zokhala ndi timipata tating'ono, zimene zimateteza munthu ku kunyezimira kwa chipale chofewa, komwe kumatha kumuchititsa khungu kwa masiku angapo.

Roald Amundsen wa ku Norway, yemwe pambuyo pake anapikisana ndi Scott pa ulendo wa ku South Pole, paulendo wake wa pa chombo cha Gjøa pakati pa 1903 ndi 1906, anakhala nyengo yaitali pakati pa a Inuit otchedwa Netsilik kumpoto kwa Canada. Kumeneko anaphunzira kuvala zikopa zotakasuka kuti thukuta lisaundane pathupi, komanso anakulitsa luso loyenda ndi agalu okoka zileyi. Nzeru zimenezi ndi zimene anapita nazo ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo anafika pa South Pole pa 14 December 1911 n'kubwerera ndi anthu ake onse amoyo. Scott anatenga mahatchi, zileyi za injini ndi agalu, koma pa gawo lomaliza la ulendowo anthu ankakoka okha katundu. Anafika pa 17 January 1912 n'kupeza hema wa Amundsen ali chiimire. Sikuti Scott anafa ndi chinthu chimodzi ayi: kuzizira koposa muyeso kwa m'mwezi wa March ndi kuchepa kwa mafuta ophikira zinawonjezera tsokalo, ndipo mwana wanu adzachita bwino kulemba zonsezi.

Mukatero pitani ku makalata omaliza amene Scott ndi anzake analemba ali m'hema, komanso thumba logonamo la chikopa la Lawrence Oates, mmodzi mwa anzake a Scott, yemwe anatuluka dala kukafera panja kuti asachedwetse anzake. Makalatawa ndi omvetsa chisoni, choncho muyambe mwawerenga nokha musanaitane wamng'onoyo.

Chimodzi chimene ana amasokoneza kawirikawiri n'chakuti ku Antarctica kulibe eni nthaka ngati ku Arctic; kumakhala ofufuza ndi owathandiza okha. Polowa, yang'anani kudenga, komwe anajambulako mapu awiri a madera onsewa, ndipo mwanayo akuonetseni kumene kuli a Inuit ndi kumene anafera Scott.