Dera la Higgins linapita kuti?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake dera la Higgins silinawoneke pa chisankho cha ku Australia cha 2025. Analithetsa. Chigawo cha Victoria chinatsika kuchoka pa mipando 39 kufika pa 38 m'nyumba ya aphungu ya dziko (House of Representatives), ndiye pokonzanso malire mu 2024 nkhwangwa inagwera Higgins.

Derali linakhazikitsidwa mu 1949 kum'mwera chakum'mawa kwa Melbourne, kuphatikizapo Toorak ndi Malvern, kumene kumakhala anthu opeza bwino. Linatulutsa nduna zazikulu ziwiri za dziko, zomwe zinaliimira motsatizana. Harold Holt analiimira kuyambira 1949 mpaka pamene anasowa akusambira m'nyanja mu Disembala 1967, mtembo wake osapezeka. John Gorton, yemwe anali seneta (membala wa Senate, nyumba ina ya malamulo), atakhala nduna yaikulu anafunika mpando m'nyumba ya aphungu ija, choncho anapikisana komweko mu 1968 n'kupambana. Peter Costello, yemwe anakhalapo nduna ya zachuma, analigwira kuyambira 1990 mpaka 2009.

Kwa zaka zoposa 70 chipani cha Liberal chinkangokolola. Mu 2022 Michelle Ananda-Rajah wa Labor anachigwetsa, ndipo kwa ine chodabwitsa n'chimenechi, osati kuthetsedwako. Anangolawa teremu imodzi, kenako anapita ku Senate.