Ma drama a ku Korea a milandu: muyambire pa Signal

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti amakonda ma drama a ku Korea koma onse omwe anzawo amawaponyera mu flash ndi achikondi okhaokha, mnyamata wolemera mtsikana wosauka, atopa nazo. Squid Game anaonera kale. Akufunsa ngati alipo a apolisi ndi zigawenga abwino, komanso akuti ndisawatchulire mndandanda wautali chifukwa bandulo ndi yodula.

Achemwali, alipo ambiri zedi, koma muyambire pa Signal basi. Inatuluka mu 2016 pa kanema wa tvN, ma episode 16, analemba ndi Kim Eun-hee. Wapolisi wachinyamata, Park Hae-young, akutola kawailesi ka apolisi kakalekale kopanda ndi batire komwe, ndiye ikangokwana 11:23 usiku kamayaka kokha, mbali inayo akuyankhula ndi wapolisi wina, Lee Jae-han, amene ali m'zaka zam'mbuyo kuyambira 1989 uko, pamene Park Hae-young ali mu 2015. Musathawe poganiza kuti ndi zamatsenga, kawailesiko ndi njira chabe, nkhani yeniyeni ndi milandu yomwe apolisi anailephera kapena anaikwirira dala. Ndipo akakonza chinthu chimodzi kumbuyoko, kuno kumadzuka kutasintha, wina yemwe anafa ali moyo, wina yemwe anali bwinobwino wapita. Ma episode awiri oyamba okha akuthamangitsana ndi wotchi kuti munthu woba mwana avomere mlandu nthawi yozenga isanathe pakati pa usiku, mudzaiwala ndi ndiwo pamoto.

Chimene chimandigwira mtima ine nchakuti milandu ina m'menemo anaitengera pa zochitika zenizeni. Ku Hwaseong, ku Korea komweko, pakati pa 1986 ndi 1991, amayi ndi atsikana ankaphedwa motsatizana, wakuphayo osapezeka. Lamulo la nthawi imeneyo linkati mlandu wakupha ukatha zaka 15 sungazengedwenso, ndiye pofika 2006 zonse zinali zitatha ntchito. Mu 2015 dzikolo linachotsa malire amenewa pa milandu yakupha. Pamene Signal imaonetsedwa munthuyo anali asanadziwike, anadzamupeza mu 2019 kudzera mu DNA, dzina lake Lee Choon-jae, ndipo anali kale kundende ku Busan chifukwa chopha mlamu wake mu 1994. Pa umodzi mwa milanduyo bambo wina anakhala kundende zaka 20 asanalakwe, khoti linadzamuyeretsa mu 2020. Mukaonera mukudziwa zimenezi, mkwiyo wa Lee Jae-han uja umamveka mwina.

Mukamaliza pitani pa Stranger ya 2017. Kwa ine iyi ndi imene inalembedwa bwino kuposa onse, kungoti siyothamanga, ndiye sindingakuyambitsireni pamenepo. Cho Seung-woo akusewera ngati Hwang Si-mok, loya wa boma yemwe anachitidwa opaleshoni ya ubongo ali mwana nkutsala wosamva chisoni kapena mantha ngati anthu ena. Kwaphedwa bizinesimani wina amene ankadyetsa maloya a boma ziphuphu, ndiye aliyense mu ofesi muja, mpaka mabwana, ali ndi chobisa. Ku Korea nthawi imeneyo maloya a boma anali ndi mphamvu zambiri, zofufuza okha milandu ngakhale kulamula apolisi, nchifukwa chake katangale wa mu ofesi imeneyi ndi nkhani yaikulu kumeneko, ndipo season 2 ya 2020 ikukamba za mkangano womwewo wa apolisi ndi maloya. Bae Doona akusewera ngati wapolisi Han Yeo-jin, ndipo mumve bwino achemwali, iye ndi Si-mok sagwa m'chikondi ayi, amangokhulupirirana pa ntchito basi. Muzaonetsetse Si-mok akakhala pansi kuti adye, supu ili patsogolo nthunzi ili tolotolo, asananyamule bwino sipuni foni yalira, wadzuka wapita. Munthu ameneyu njala ndithu.

Chenjezo lokha, Stranger siyoonera mukuchapa mbale kapena mukuyankha ma meseji pa WhatsApp. Mayina aku Korea amafanana kwa ife, a Lee ndi a Kim ali ponseponse, mukaphonya ma subtitle a mphindi ziwiri mwasochera.

Yachitatu Beyond Evil, 2021, pa kanema wa JTBC. Katauni kakang'ono ka Manyang komwe aliyense amadziwa mnzake ndipo madzulo apolisi onse amakadyera pa butchala imodzi. Lee Dong-sik mlongo wake wamapasa anasowa zaka 20 zapitazo, anthu ankaganizira iye yemweyo, lero ndi wapolisi, ndiye kukubwera kamnyamata kochokera ku Seoul, mwana wa bwana wamkulu wa polisi, kodzamufufuza mobisa. Shin Ha-kyun, amene akusewera ngati Dong-sik, ali ndi kaseko kena kake koti simudziwa ngati akulira kapena akukunyozani. Inapata mphoto ya Baeksang ya drama yabwino chaka chimenecho ndipo sindikutsutsa.

Enawa ndingodutsamo. Flower of Evil ya 2020 ndi ya inu ngati chikondi simunachitaye chonse, mkazi wapolisi akuyamba kukayikira kuti mwamuna wake si munthu amene amadzitcha. Through the Darkness ya 2022 ili ndi ma episode 12, ikutsata momwe apolisi aku Korea anayambira kuphunzira maganizo a zigawenga pokacheza nazo kundende, ndi yolemera, ine sindingaonere usiku ndili ndekha. My Name ndi ya ndewu, ma episode 8 okha, bandulo ingapume. Mouse anthu amaitama koma ine inanditopetsa, ma episode 20 nkhani kumangotembenuka mpaka mutu kuwawa, Vincenzo nayo ndi nthabwala kwambiri kuposa milandu.

Za bandulo, episode imodzi imatenga ola kapena kupitirirako, ndiye ma episode 16 si masewera. Pangani download pomwe pali WiFi, quality muitsitse, pa foni simuona kusiyana kwenikweni. Ndipo mukaona mpeni uli mbuu osaoneka bwino musaganize kuti file yawonongeka, ma TV aku Korea amaphimba dala mipeni ikakhala ya chiwembu. Ana okha muziyamba mwawagoneka, makamaka pa Beyond Evil.