Yankho la azakhali pa nkhani ya X-ray

Eya Chikondi mwana wanga, ndaumva uthenga wako, pepa ndinali mu kombi yochokera ku Mbare, phokoso lokhalokha. Ukuti anakujambula X-ray ya pachifuwa chifukwa cha kutsokomola kuja usanadziwe kuti uli ndi pathupi, ndiye wina wakuuza kuti mwanayo adzadwala khansa ya m'magazi. Khazika mtima pansi kaye.

Nkhaniyo ili ndi komwe inachokera. Ku Oxford, ku England, kunali dokotala wamayi, Alice Stewart. Mu 1956 anapeza kuti ana amene amayi awo anajambulidwa pamimba ali oyembekezera ankadwala khansa kuposa anzawo. Masiku amenewo ankajambula chiuno cha mayi dala, kuti aone ngati mwana adzadutsa bwino kapena ngati ali mapasa, ndiye mphamvu yonse ya makinawo inkagwera pa mwanayo. Madokotala anzake anamutsutsa zaka zambiri, mayi ameneyu osagonja. Kafukufuku wa pambuyo pake anati chiopsezo chimakwera ndi pafupifupi 40 peresenti. Komatu khansa ya ana ndi yosowa kale, moti ngakhale mwa ana ojambulidwawo, ochuluka zedi anakula bwinobwino.

Tsono iwe anakujambula pachifuwa, kamodzi. Chiberekero chili kumunsi uko, kutali. Mphamvu yofika kwa mwana sikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a imene ankalandira ana aja. Ayi ndithu, usataye nazo tulo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kutsokomolako. Zotsatira unakatenga? Makhololo anayeza? Ngati ndi TB, imeneyo ndiye ingakupwetekeni nonse awiri ukaizengereza, ndipo mankhwala ake amayi oyembekezera amamwa. Usathawe chipatala chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp, amalume akonso asiye kumangotumiza chilichonse mugulu muno.

Kusikelo ukamuuze namwino tsiku limene unajambulidwa, alembe m'buku. Sikani yoonera mwana ija usaiope, imagwira ntchito ndi mawu, mulibe X-ray. Kutsogoloku aliyense akafuna kukujambula, makamaka CT ya pamimba (mtundu wa X-ray wojambula zithunzi zambiri za mkati mwa thupi) chifukwa imeneyo mphamvu yake ndi yaikulu, unene usanagone pabedi kuti ndine woyembekezera. Adokotala aone okha ngati n'kofunika kapena pali njira ina.

Loweruka ndibwera ku Highfield, undisungire mapepala onse akuchipatala ndidzawaone.