Kumbuyo kwa thanki ya nsomba, chonde siyani chithunzi cha nyanja ya eni

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo kuti wagula thanki ya galasi, waikamo mbuna, nsomba zazing'ono za m'miyala ya nyanja ya Malawi, koma kumbuyo kukungooneka khoma ndi mawaya a fyuluta, ndiye akufunsa kuti amatepo chani poti wogulitsa akuti atenge chithunzi chija cha ma coral, zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati maluwa amiyala. Amayi funso lanuli landifika pamtima, mupirire ndiyambe ndadandaula kaye.

Ndili ndi mlamu wanga ku Chirimba, munthu wabwinobwino, amakonda nsomba zake kuposa momwe ena timakondera ana. Thanki yake ili pabalaza pambali pa TV ndipo kumbuyo anamata chithunzi chowala ngati nsalu ya pa chinkhoswe, ma coral ofiira, apinki, timasamba tobiriwira, pansi anaikanso kamunthu kapulasitiki kotulutsa thovu. Mukalowa m'nyumbamo maso amathamangira chithunzicho, nsomba mumachita kuzifunafuna. Ndipo si nsomba wamba ayi, ndi ma yellow lab aja achikasu okhala ndi kamzere kakuda pa chipsepse cha pamsana, nsomba zoti azungu ku Germany amalipira ndalama kuti aziwete. Nditamuuza anangoti alamu inu mumakonda zakumaliro, chakuda chokhachokha. Mpaka lero tikakumana pa ukwati nkhani ndi yomweyo.

Chimene chimandiwawa ine ndi choti ma coral ndi a nyanja ya mchere, Indian Ocean uko, mbuna sizinawaonepo chibadwire. Amene munasambirako ku Cape Maclear, pa Otter Point kapena ku chilumba cha Thumbi, mukudziwa kuti mukalowetsa mutu m'madzi mumaona miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndere itamera pamwamba, mbuna zikuithothola ndi timano tawo, ndipo kuseri kwa miyalayo kuli buluu yemwe amanka nada mpaka mdima basi. Palibe duwa. Malo amenewa anawasandutsa Lake Malawi National Park mu 1980, UNESCO nkuwaika pa mndandanda wa World Heritage mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Anthu akunja amatha miyezi akukonza thanki kuti ifanane ndi nyanja yathu, ife eni nyanja tikumata ya anthu ena. Aaa ayi.

Ndipo si nkhani ya kukongola kokha. Mbuna ndi nsomba zandewu, yamphongo iliyonse imafuna phanga lake, ndipo thanki ikakhala mbee mbali zonse zimakhala zamantha, munthu akangodutsa zonse phuthu kubisala, mtundu nkufwifwa. Kumbuyo kukatsekedwa zimadekha. Ngati thankiyo mwaiika pawindo ndiye kuli nkhani ina, dzuwa lolowa kumbuyo limameretsa ndere mpaka madzi kubiriwira, isuntheni kaye musanaganize zomata chilichonse.

Ena pa Facebook akupanga makoma amiyala yabodza, styrofoam yopaka simenti, nkulowetsa m'kati. Zimaoneka bwino sindikana, koma zimadya malo osambira nsomba, simenti yatsopano imakweza kwambiri pH, muyezo wa asidi m'madzi, ngati simunaiviike nthawi yaitali mukusintha madzi, ndipo kansomba kakalowa kuseri kukatulutsa kwake ndi ntchito. Kwa munthu woyamba kumene ine ndimati ayi. Styrofoam ntchito yake yeniyeni kuno ku Blantyre ndi ya kunja kwa galasi. June ndi July chiperoni chikatsika, magetsi nkuzima usiku hita nkusiya, madzi amazizira pomwe mbuna zimafuna pakati pa madigiri 24 ndi 28. Chidutswa cha styrofoam, ngakhale chochoka m'katoni ya fuliji, mukachiika kumbuyo chimasunga kutentha ndipo palibe angachione ngati galasi ndi lotsekedwa kale.

Ndiye mumate chani?

Chakuda, chopanda chithunzi. Buluu wakuda nayenso ndi bwino koma nsomba zanu zikakhala zabuluu zimasowa momwemo, pomwe pa chakuda zachikasu, zabuluu, za orenji zonse zimatuluka, ndipo mawaya ndi paipi sizioneka. Choipa chake nchoti madontho a madzi akauma amasiya zoyera, muzipukuta.

Pitani kwa anyamata olemba masaini ku Limbe kapena mtauni, muwapemphe stika ya vinyl yakuda yosanyezimira, muyeze galasi musanapite ndipo muonjezereko pang'ono. Mumate KUNJA, osati m'madzi. Pukutani galasi, wazani madzi okhala ndi kadontho ka sopo, ikani stika, kenako muzikanda ndi khadi lakale la ku banki kuchokera pakati kupita m'mbali kuti mpweya utuluke, zotsala mudule ndi lezala. Sopoyo asagwere m'thanki. Penti nayo imatheka, kunjanso, muzipaka kangapo mukudikira iume, koma imafuna thanki yopanda madzi yoti mutha kuitembenuza. Yanuyo poti nsomba zilimo kale ndipo mwina yatsamira khoma, dzanja silingalowe, ingodulani pulasitiki yakuda yolimba kapena katoni yopaka penti muilowetse kuseri nkugwiriza ndi selotepu m'mbali, ndipo musayerekeze kukoka thanki ili ndi madzi, galasi lapansi lingang'aluke. Ndalama ya chithunzi ija mugulire miyala yambiri.