Za agogo kuti asamangodzitsekera m'nyumba

Achemwali, ndamva uthenga wanu. Mukuti chibwerereni ku Ndirande agogo akungodzitsekera, chonsecho pa pulotipo pali mabanja ambiri, ndiye mukudabwa kuti akusungulumwa bwanji. Eee, nyumba za mdadada zija m'mawa kumangoti zii, akuluakulu apita kogwira ntchito ndi ku geni, ana ku sukulu. Komanso kumudzi anthu ankabwera kudzawafunsa nzeru, kudzapala moto. Kuno palibe akuwafuna pa kanthu kalikonse. Chikuwadya ndi chimenecho.

Koma muyambe mwaona makutu ndi maso. Muime kumbuyo kwawo, muwalankhule mmene mumalankhulira masiku onse. Akapanda kutembenuka, vuto lilipo. Munthu wosamva bwino amatopa ndi kufunsa kuti "mwati?", amangochoka pagulu, aneba n'kumati ndi odzimva. Nthawi zina ndi phula chabe latseka khutu, amachotsa kuchipatala, musamatokosole ndi kamtengo ka machesi ayi. Ngati ndi ng'ala, opaleshoni amachita pa Queens pompo, ku chipatala cha maso cha Lions Sight First.

China chimene iwo sangakuuzeni ndi chimbudzi. Chimodzi pa anthu onsewo, cha dzenje, mawondo akuwawa, mwina mkodzo sakutha kuugwira. Amachita manyazi, amayamba kuchepetsa kumwa madzi, kenako chizungulire. Apezereni kampando koboola pakati ndi ndowa yovundikira ya usiku.

Zikatheka izi, mpando wawo ukhale pakhonde loyang'ana kumpopi, chifukwa aliyense amadutsa pamenepo. Apatseni ntchito yeniyeni, kusankha nyemba, kusadzula masamba, ngakhale kabenchi ka tomato ndi anyezi, wogula aliyense ndi macheza. Agogo angayang'anireko mwana wa aneba kanthawi, osati tsiku lonse, apo ayi asanduka antchito aulere.

Za kutchalitchi musazengereze. Aitanitse kalata yawo ya mpingo kumudzi kuti alowe Mvano ya kuno, Lachinayi azipita. Masabata oyamba wina aziwaperekeza mpaka pakhomo, okha sangapite, njira za mu Ndirande zimasokoneza ndi ife omwe. Foni ikhale ya mabatani, ndipo tigawane masiku oimba, aliyense tsiku lake ndi nthawi yake. Kuimba tonse Lamlungu, sabata yonse zii, sikuthandiza.

Ndiye ichi mumvetsetse. Gogo wokhala yekha, woiwalaiwala, wolankhula yekha, anthu sachedwa kumutchula mfiti, makamaka mwana akadwala pa puloti. Kunamizira munthu ufiti ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1911, koma musadikire kuti zifike kupolisi. Pitani nawo khomo ndi khomo, kuyambira kwa alandilodi, muwadziwitse kuti awa ndi agogo athu, amamva movutikira, nthawi zina amaiwala.

Akafika milungu iwiri osadya bwino, osagona, akuonda, kapena kumanena kuti bola kufa, musati ndi ukalamba. Apite kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala mawu amenewo mmene iwo anawanenera.