Ma mince pie odula aja, tikulipira pie kapena bokosi?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena omwe angofika ku UK chaka chino, akugwira ntchito ya care ngati ambirife. Aneba awo achizungu awaitana kukadya nawo Khrisimasi ndipo awauza kuti asavutike, angobweretsa ma mince pie basi, timapie totsekemera ta zipatso zouma tomwe amadya pa Khrisimasi. Ndiye akufunsa kuti kodi agule odula aja a m'mabokosi akuda olembedwa ndi golide, kapena wamba omwe aunjikidwa pakhomo la shopu, poti safuna kukachita manyazi kunyumba kwa eni.

Achemwali, nkhani ya manyaziyo ndiyomwe yandikhazika pansi kuti ndilembe zambiri chonchi, chifukwa funso lanu si la pie lokha ayi. Ife anthu obwera timakhala ndi kamantha kena kake komwe sitikatchula, koti tikafika pa tebulo la eni dziko ndi chinthu chotchipa aziti ndi aja osauka aja, ndiye timagula chinthu chomwe eni akewo sagula, ndi ndalama yomwe tinayimirira nayo usiku wonse pa shifiti, ina yoti ikanapita kumudzi pa Mukuru mwezi womwewo. Ine mantha amenewo ndimawadziwa bwino, mpaka pano Disembala ikafika amandigwirabe ndikamayenda pakati pa mashelefu.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona kuntchito kwanga kwakale, nyumba ina yosamalira okalamba kumpoto kwa England. Disembala ikangoyamba tebulo la mu staff room silikhalanso ndi malo, aliyense amabwera ndi kabokosi kake, achibale a okalambawo nawonso amasiya zawo ngati zikomo, moti umatha kudya ma mince pie pa buleki ya m'mawa, ya masana, ya 3 koloko usiku, mpaka umayamba kudana ndi fungo la sinamoni. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe, munthu wabwino zedi koma wokonda zapamwamba, anabwera ndi chitini chokongola chochokera ku shopu ina ya anthu andalama, riboni ndi zonse, anachiika pakati pa tebulo ngati mphatso ya paukwati. Anthu anachiyamikira, anachijambula, koma palibe analimba mtima kuchitsegula, aliyense ankaona ngati ndi cha winawake wofunika. Tsiku lomwelo mayi wina wa ku khitchini anatenga mabokosi awiri a mtengo wapakati, anaponya mu uvuni kwa mphindi zochepa, anabwera nawo pa thireyi akutuluka nthunzi, ndipo anatha onse tisanamalize ngakhale handover. Chitini chija chinatsegulidwa patapita masiku, ma pie ake anali abwino ndithu sindinama, batala ankamveka, koma anadyedwa ozizira, munthu ataimirira, akuthamangira belu la mu chipinda china, ndiye palibe amene anamva kusiyana kwa ndalama zonse zija.

Koma amene anandiphunzitsa kwenikweni ndi agogo ena omwe tinkawasamalira, omwe pa utsikana wawo ankaphika okha mazana a ma pie a ku tchalitchi kwawo. Iwo ukawapatsa pie sankayamba ndi kuluma. Ankaichotsa mu kakapu ka foil kaja, kuitembenuza kuona kunsi ngati kwapsa kapena kukadali koyera konyowa, kenako kuisenda kachivundikiro ka pamwamba ndi chala. Akapeza mpata pakati pa chivundikirocho ndi zipatso ankangondiyang'ana n'kugwedeza mutu, kutanthauza kuti tagula mpweya. Akanyema pastry n'kuona kuti ikuyoyoka ngati mchenga pa mbale ankamwetulira, ikakhala yopindika ngati katoni ankaisiya pompo n'kupempha tiyi yekha. Bokosi sanalifunsepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kuyambira pamenepo inenso ndimasenda chivundikiro, ana anga amati ndimawachititsa manyazi kwa alendo kkkk.

Kwa omwe muli kumudzi mukuwerenga izi n'kumadabwa kuti tikukangana za chani, mince pie ndi kapie kakang'ono kotsekemera kokwana m'dzanja, mulibe nyama. Mkati mwake muli mphesa zouma zamitundumitundu, maapozi, makoko a malalanje ndi mandimu ophikidwa mu shuga, shuga wina wambiri, mafuta, ndi zonunkhiritsa monga sinamoni, nutmeg ndi cloves. Kalekale nyama inkalowamo ndithu, ya nkhosa kapena ya ng'ombe yosakaniza ndi zipatsozo, koma inazimiririka pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1800, chomwe chinatsala ndi suet, mafuta olimba aja ozungulira impso za ng'ombe, ndipo masiku ano ambiri a m'shopu amagwiritsa ntchito mafuta a zomera m'malo mwake. Ana a kuno usiku wa pa 24 Disembala amasiyira Father Christmas pie imodzi ndi kagalasi ka sherry kapena mkaka, ndi karoti wa mphalapala yake, m'mawa n'kupeza zadyedwa, inu mukudziwa kale amene wadya.

Ndipo pa tebulo lomwe mukupitalo padzapezeka amalume ena omwe adzakuuzeni kuti kudya mince pie pa tsiku la Khrisimasi n'koletsedwa ndi lamulo kuyambira nthawi ya Oliver Cromwell, mtsogoleri yemwe analamulira England ufumu utachotsedwa m'zaka za m'ma 1600. Musekeko mwaulemu koma si zoona. Chomwe chinachitika n'choti mu 1647 nyumba ya malamulo inathetsa chikondwerero cha Khrisimasi, ndipo ufumu utabwerera mu 1660 malamulo amenewo anathera pomwepo. Palibe wapolisi adzakugwireni ndi pie m'kamwa.

Tsopano pomwe ndimakwiya ine ndi apa. Shopu iliyonse kuno ili ndi dzina lake la zinthu zapamwamba, Tesco ali ndi Finest, Sainsbury's Taste the Difference, Morrisons The Best, Co-op Irresistible, Waitrose No.1, Aldi Specially Selected, Lidl Deluxe, ndiye pamwamba pa onsewo pali a Fortnum & Mason aku Piccadilly omwe alipo kuyambira 1707, ndi a Harrods, komwe bokosi limodzi limapitirira £10 mosavuta. Poyamba ndinkati chilichonse chili ndi malo ake, amene ali nazo agule. Koma ndikamaganizira kwambiri ndikuona kuti pali masitepe awiri osiyana ndipo anthu amawasokoneza. Sitepe yoyamba, kuchoka pa wamba kufika pa apamwamba a mu supamaketi, ndi yeniyeni, mukulipira batala m'malo mwa mafuta a palm ndi majarini, zipatso zochulukirapo, mwina ndi brandy pang'ono, ndipo lilime limadziwa, pastry ya batala imasungunuka pomwe ya mafuta enawo imasiya kanthu komata kumwamba kwa kamwa komwe ngakhale tiyi wotentha amavutika kukachotsa. Sitepe yachiwiri, kuchoka pamenepo kufika ku zitini za riboni, mbali yaikulu mukulipira dzina, lendi ya shopu yomwe ili pakati pa London, ndi chitini chomwe mudzasungiramo singano ndi ulusi. Sindikuti ndi oipa. Ndikuti batala ali ndi polekezera, ufa ndi ufa, mphesa zouma ndi mphesa zouma, palibe chomwe mungaike mu kanthu kokwana m'dzanja choti mtengo ukwere katatu kapena kanayi.

Komanso musaiwale kuti masupamaketi sakhala ndi agogo kuseri akukanda ufa, ma pie awo amaphikidwa m'mafakitale akuluakulu omwe amaphikira mashopu, miyezi ingapo Khrisimasi isanafike, ndiye chifukwa chake mumawaona pa shelefu mu Seputembala dzuwa likadali kuwala. Ngakhale Mr Kipling wa pa mabokosi a makeke amene aliyense amamudziwa si munthu, ndi dzina lomwe kampani inangopeka mu 1967, ndipo ma pie ake amatuluka mu fakitale ya ku Carlton pafupi ndi Barnsley. Ine zimenezo sizindivuta, pie ya mu fakitale ikhoza kukoma, chomwe chimandivuta ndi kujambula chipale ndi makandulo pa bokosi kuti ndiiwale zimenezo n'kulipira zambiri.

A bungwe loimira ogula la Which? chaka chilichonse amasonkhanitsa akatswiri kulawa ma pie osaona mayina, ndipo wopambana amasintha chaka ndi chaka, si kamodzi kokha a mashopu otchipa agonjetsa a mashopu otchuka. Izi zikutanthauzanso kuti musakhulupirire mnzanu amene akuti ine ndimagula akutiakuti basi chifukwa ndi omwe anapambana, maresipi amasinthidwa, amene anali bwino chaka chatha mwina chaka chino achepetsa batala poti batala naye wakwera mtengo zedi zaka zapitazi.

Za mowa

Apa ndiye tcheru makamaka ife a kwathu. Ma pie apamwamba ambiri chomwe amanyadira ndi mowa, brandy, cognac, port, ena rum, ndipo amalemba ndi zilembo zazikulu kutsogolo. Kuchuluka kwake n'kochepa, simungaledzere, koma ngati ndinu a Seventh Day, kapena a mpingo womwe sulola ngakhale dontho, kapena mukugawana ndi abale athu achisilamu, bokosi lodulalo ndi lomwe lingakuikeni m'mavuto kuposa lotchipa. Ndinaonapo pa phwando lina la Amalawi mayi wina wa mvano atadya awiri akuyamikira kuti koma awa ndi onunkhira bwanji, kenako mwana wake n'kuwerenga bokosi mokweza, chipinda chonse chinangoti zii. Ndiye werengani, ndipo onaninso ngati alemba kuti ndi oyenera anthu osadya nyama, apo mudziwa kuti suet ya ng'ombe mulibe. Ena amaikamo amondi kapena mtedza wina, makamaka aja a frangipane pamwamba, ngati kunyumbako kuli mwana yemwe amadwala akadya mtedza funsani kaye, zinthu zotere zimalembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri kuseri.

Kuseri kwa bokosi

Lamulo la kuno limati zosakaniza zilembedwe kuyambira chochuluka kufika chochepa, ndipo akadzitama ndi chinthu kutsogolo, kaya batala kaya brandy, ayenera kulemba peresenti yake kuseri. Ndiye tengani mabokosi awiri, limodzi dzanja ili lina dzanja ilo, tembenuzani, yerekezani peresenti ya zipatso zamkati ndi ya batala. Mudzadabwa kuti nthawi zina manambala amayandikana kwambiri pomwe mitengo yatalikirana. Anthu adzakuyang'anani mu shopumo koma si iwo akulipira.

Ndipo chinanso, ndisanaiwale, pali ma pie aang'onoang'ono aja a mini omwe amaoneka okongola pa mbale. Ine sindiwakonda, pastry imachuluka kuposa zamkati, umangotafuna ufa. Aja akuya a deep filled ndiwo amatha kukhala ndi mpweya womwe agogo aja ankadana nawo, kuya kwa kapu sikutanthauza kuti yadzaza. Ndipo ngati muli ndi uvuni ndi ola limodzi lopuma, botolo la mincemeat (zipatso zamkati zija zosakaniza kale) la Robertson's ndi pastry yogula kale ya batala zimatulutsa ma pie omwe azungu amawalemekeza kuposa chitini chilichonse, kuno munthu ukangonena kuti ndaphika ndekha nkhope zimasintha, ngakhale atakhala opindika m'mbali. Koma ndikudziwa mashifiti a Disembala mmene amakhalira, sindikukakamizani.

Mandasi ozizira ngakhale akhale a mayi odziwa kuphika a pa msika sangapose otentha a mwana wophunzira kumene, ndipo mince pie ndi chimodzimodzi, kutentha ndi theka la kukoma kwake. Uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 5 mpaka 8, kapena mmene bokosi lanenera, kenako dikirani pang'ono chifukwa shuga wamkatimo amawotcha mlomo koopsa. Mayikulowevu imafewetsa pastry n'kukhala yonyowa, ndipo mukakakamizika kuigwiritsa ntchito chotsani kaye foil.

Ndiye achemwali, gulani mabokosi awiri apamwamba a mu supamaketi aja, olembedwa all butter kutanthauza batala yekhayekha, mu supamaketi iliyonse yomwe ili pafupi nanu, nthawi zambiri amakhala 6 m'bokosi ndipo awiriwo sangafike pa mtengo wa chitini chimodzi chija. Onjezani kabotolo ka double cream. Mukafika muwauze aneba anuwo kuti awaponye mu uvuni nkhuku yaikulu ya turkey ija ikatuluka. Ngati mtima ukufunabe kulawa a riboni, dikirani pa 27 kapena 28 Disembala, masupamaketi amakhala atamata zomata zachikasu pa zotsala za Khrisimasi ndipo apamwamba omwewo amatsika mtengo kwambiri, mugule anu odya nokha kunyumba ndi tiyi wa Chombe ngati wina wakubweretserani.